Njinga yotsikira mitsetse ya Dowa ndi Ntchisi

Wochoka ku Lilongwe pa njinga yakapalasa, kulowera kumpoto mumsewu wa M1, amadutsa pa Lumbadzi n'kufika pa Mponela atapalasa makilomita pafupifupi 55. Mpaka apo ndi phula lokhalokha, ndipo njinga iliyonse yamphumphu imafika. Zinthu zimasintha akapatukira m'misewu yafumbi ya kwa Mfumu Dzoole, kapena akalunjika kum'mawa ku boma la Ntchisi, kumene mapiri ndi zigwa zimasinthana. Ambiri pogula njinga amaopa chitunda. Komatu chitunda chikakula munthu amatsika n'kukankha, amangochedwa basi. Chimene chimathyola anthu mafupa ndi mtsetse, choncho wapaulendo ayambe wafunsa za mabuleki asanafunse za utoto ndi magiya.

Njinga yakuda yachikale, ya matayala a mainchesi 28 ndi mabuleki achitsulo, monga za Hero ndi Avon zochokera ku India, ndiyo imanyamula fodya, soya ndi mtedza kupita pa Mponela. Ubwino wake ndi woti wokonza njinga aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa, ndipo masipoko, chubu ndi mphira za mabuleki ake zimapezeka pamsika. Kufooka kwake kumaonekera nthawi ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Limu ikanyowa n'kumatira katondo, mphira zimangoterereka, ndipo amene wasenza thumba la makilogalamu 50 pakaliyala amazindikira mochedwa kuti njinga yakana kuima. Akabaza odziwa misewu imeneyi amatsitsa wokwera pamwamba pa mtsetse woopsa, onse n'kuyenda pansi. Amachita bwino, ndipo wokwera asawakakamize.

Njinga ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief lomwe linayamba mu 2005, inapangidwira misewu yokumbika. Kaliyala wake amasenza mpaka makilogalamu 100. Mtundu wake wodziwika uli ndi giya imodzi, ndipo buleki yake ili m'kati mwa habu ya kumbuyo: munthu amapondera mapedulo cham'mbuyo kuti iime. Matope ndi mvula sizilowamo, ndiye kwa mlimi kapena wazaumoyo woyendera midzi ya kwa Dzoole ndi yodalirika kwambiri. Pamtsetse wautali, komabe, habu imatentha ikagwira mosalekeza. Wanzeru amaima apo ndi apo kuti izizire. Njingayi ndi yolemera, imapitirira makilogalamu 20, ndipo mwana wamng'ono kapena wongophunzira kumene angavutike kuiwongola ikathamanga.

Woyamba kumene asankhe njinga yomwe, akaimirira pansi ili pakati pa miyendo, chitsulo chapamwamba sichimukhudza, ndipo zala zikufika pa mabuleki popanda kutambasula dzanja.

Wofuna kukafika ku nkhalango ya Ntchisi afunika njinga ya m'mapiri, ya magiya ndi matayala okakala. Kuchoka pa boma msewu ndi wafumbi, wokhotakhota, wokwera mpaka m'mbali mwa phiri lomwe nsonga yake ikupitirira mamita 1,600. Kumeneko kuli nyumba ya mu 1914, yomwe kale ankapumulirako DC wa atsamunda ndipo lero ndi malo ogona alendo a Ntchisi Forest Lodge. Kukayera, nyanja imaoneka kum'mawa, kunsi kwenikweni, pakuti madzi ake ali pa mamita pafupifupi 470 okha. Kusiyana kumeneku kukusonyeza kutalika kwa mitsetse yolowera ku Nkhotakota.

Njinga zambiri za m'mapiri zimabwera zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo apa m'pofunika maso. Wogula ayang'ane ngati waya wa mabuleki sanayambe kuduka, ngati limu sinapindike, ndiponso ngati foloko ilibe mng'alu pomwe yalumikizana ndi felemu. Mabuleki a disiki amagwira bwino m'matope kuposa a mphira, koma zipangizo zake n'zosowa kumidzi, ndiye wosankha amenewo agulire zapadera ku Lilongwe asananyamuke.

Potsika, chishalo chitsitsidwe pang'ono, thupi libwerere kumbuyo, mapedulo akhale molingana. Buleki yakutsogolo ndi yomwe ili ndi mphamvu zambiri, koma kuifinya mwadzidzidzi pamiyala yoterera kumaponyera munthu kutsogolo kwa handulo. Zonse ziwiri zigwire limodzi, pang'onopang'ono, asanafike pokhota. Katundu amangidwe motsika ndi malamba a mphira. Chisoti chivalidwe ngakhale kutenthe.

Nyengo yabwino ya ulendowu ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, misewu itauma. Mu Juni ndi Julayi kumapiriko kumazizira ndipo m'mawa kumagwa nkhungu, choncho juzi ndi nyali zisatsale. M'chikwama mukhalenso pampu, zigamba, sulushoni, sipanala, mphira za mabuleki zapadera ndi madzi akumwa okwanira, chifukwa ukadutsa boma la Ntchisi okonza njinga amakhala motalikirana.