Dzala la pa Intaneti Liri ndi Masiku Ace

Ndifuna kulongosola za nkhokwe imene ambiri a ife tisungamo manotsi athu masiku ano. Pa Cingerezi aicha "cloud", ndiko kunena mtambo, koma si mtambo ai. Ndi makompyuta akuru okhala kutali, amene tiwafikira pa intaneti. Google Drive, imene inayamba m'caka ca 2012, ndi imodzi ya nkhokwe zotere, ndipo OneDrive ya Microsoft ndi inzace.

Coyamba kucidziwa ndi ici: munthu akafufuta colemba cace, sicitayika pomwepo. Ciyamba capita ku dzala, limene Google alicha Trash ndi Microsoft alicha Recycle bin. Mwini wace angathe kutsegula dzalalo, nasankha colembaco, nakanikiza pa mau akuti Restore, ndipo cibwerera pamalo pace.

Koma dzalali sililinda munthu kosatha. Kuyambira October 2020, Google Drive icotseratu yokha ciri conse cimene cakhala m'dzala masiku 30. OneDrive ya munthu payekha icita cimodzimodzi, koma ya sukulu kapena ya kunchito isunga masiku 93. Taganizani tsono: ife ogonera pa sukulu, tchuthi cathu cacikuru cipitirira mwezi. Wofufuta manotsi ace mosadziwa pa tsiku lotsekera, pobwerako angapeze dzala lopanda kanthu.

Ngakhale zitatero, njira ina ikhalapo ngati akaunti ya Google inaperekedwa ndi sukulu. Woyang'anira maakaunti a sukulu angathe kubweza colemba m'kati mwa masiku 25 cicokere m'dzala. Cifukwa cace musabise tsoka lanu poopa kusekedwa. Pitani kwa iye tsiku lomwelo. Akuru anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Bvuto lina ndi ili: colemba ciripo, koma mnzanu amene mulemba naye wafafaniza ndime zina. Pamenepo musafunefune m'dzala. Mu Google Docs tsegulani Version history, ndipo mudzaona m'mene colembaco cinaliri dzulo kapena dzana.

Kumbukiraninso kuti kuyambira December 2023, Google angathe kucotsa akaunti ya munthu payekha imene yakhala zaka 2 osaigwiritsa nchito, pamodzi ndi zonse ziri m'menemo.

Ine mwambo wanga ndi uwu: Loweruka liri lonse ndiyang'ana m'dzala, ndipo zolemba zofunika ndizikopera pa fulashi imene ndiisunga m'sutikesi. Ndikupemphani, anzanga, kuti inunso mucite comweco tisanatseke sukulu.