Kilatchi Ikafewa M'misewu ya M'mapiri

Misewu ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, monga mtsetse wa ku Mvera, imafuna kusintha magiya pafupipafupi. Kilatchi ikafewa giya n'kukana kulowa, dalaivala amatsala ndi mabuleki okha, ndipo miyoyo ya okwera imakhala pachiswe.

Kawirikawiri chimayambitsa vutoli ndi mpweya umene walowa m'mapaipi a mafuta a kilatchi. Kuutulutsa, kumene amakaniko amati kubulida, kumafuna anthu awiri. Mmodzi amapopa chopondera n'kuchikanikiza pansi. Mnzake amamasula nipo ya pa slave cylinder, n'kuimanganso wopondayo asanachotse phazi. Akachedwa kumanga, mpweya umabwerera. Kabotolo ka mafuta kasaume pa ntchitoyi, ndipo muthiridwe DOT 3 kapena DOT 4 monga zalembedwera pachivundikiro, osati oilo wa injini amene amatupitsa malabala.

Kilatchi ikafewanso patangopita masiku ochepa, ndiye kuti pali podontha, ndipo kubulida kokha sikungathandize. Kunyowa kuseri kwa chopondera kumasonyeza kuti malabala a master cylinder atha. Galimoto yotere isanyamule anthu kufikira itakonzedwa.

Popeza mafutawa amayamwa chinyezi, ndi bwino kuwasintha pakatha zaka ziwiri zilizonse.