Cisoni ca Ofedwa m'Miyezi ya Cisanu

Mau owerenga: 2 Timoteo 4:9-21.

Mtumwi Paulo analemba kalata iyi ali m'ndende ku Roma, podziwa kuti imfa yace yayandikira. Anzace anali atabalalika: Dema anamsiya, ena anamuka ku nchito kwina, natsala Luka yekha. Ndipo munthu wamkuruyu, amene analalikira pamaso pa mafumu, anapempha zinthu zazing'ono: cofunda cimene anacisiya kwa Karpo ku Trowa, mabuku ace, ndi kuti Timoteo afike cisanu cisanayambe. Pakuti m'nyengo yozizira zombo zinkaleka kuyenda pa Nyanja Yaikuru, ndipo wocedwa akadakhala padooko miyezi yambiri. Paulo sanacite manyazi kuulula kuti afuna cofunda, afunanso mnzace.

Ku Roma cisanu cifika mu Disembala. Kuno ku Zambia cifika mu Juni ndi Julai, ndipo cilemera koposa pa anthu ofedwa. Pa maliro wofedwa sakhala yekha. Mudzi wonse ugona pasiwa, adzukulu akumba manda, nyimbo sizileka kufikira mbandakuca. Koma atameta, anthu abwerera kwao, ndipo pamenepo cisoni ciyamba kuluma. M'dzinja munthu wacisoni athandizidwa ndi khasu: alima tsiku lonse, nagona tulo ta kutopa. Mu Juni cimanga cili m'nkhokwe, nchito yacepa, dzuwa lilowa msanga, ndipo usiku wa pafupi ndi pa 21 Juni ndiwo wotalika koposa m'caka conse. Mwera uomba pacitseko. Mai wamasiye asonkha moto yekha, nayang'ana mphasa imene ankagonapo awiri. Ena aleka kuphika, poti nsima ya munthu mmodzi siikoma. Amuna ambiri athawira ku mowa, umene ucuruka anthu atakolola, nabwerako ndi cisoni comweco pamodzi ndi ngongole.

Usiku wautali ubalanso maganizo oipa. Nkhalamba ndi khanda zikamwalira mwezi umodzi m'mudzi umodzi, anthu ayamba kulozana zala za ufiti. Koma kawirikawiri wakupha ndiye cibayo, cimene cicuruka m'nyengo yozizira. Ndipo mwana wotsokomola, wopuma mofulumira, afunika cipatala tsiku lomwelo.

Akuru a mpingo ena, pofuna kutonthoza, adzudzula wolira monga ngati misozi ndiyo kucepa kwa cikhulupiriro. Alakwa. Ambuye Yesu anagwetsa misozi pa manda a Lazaro, ngakhale anadziwa kuti amuukitsa tsiku lomwelo. Abwenzi atatu a Yobu anacita bwino masiku 7 amene anakhala naye pansi osanena kanthu. Anaononga zonse pamene anayamba kumfotokozera cifukwa ca tsoka lace. Wozonda wofedwa safunika ulaliki wautali. Akhale naye pamoto, amlole kuchula dzina la womwalirayo ndi kubwereza nkhani imodzimodzi kangapo, napemphere naye mwacidule.

Tsono za cofunda. N'zomvetsa manyazi kuti pakati pa Akristu apezeka abale a mwamuna amene atenga mabulangete ndi miphika maliro atangotha, nasiya ana akunjenjemera. Lamulo la Zambia la caka ca 1989, lonena za cuma ca munthu womwalira wosalemba wilo, lipatsa ana magawo 50 mwa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndi ena amene womwalirayo ankawasunga 10. Katundu wa m'nyumba akhala wa wotsalayo ndi ana. Mkuru wa mpingo ayenera kulidziwa, ndi kulinena poyera pa tsiku logawa zinthu.

Cotsala ndico nchito ya manja. Anyamata ateme nkhuni, amate ming'alu ya nyumba. Mbale atumize mtsikana wace kukagona kwa agogo ofedwa. Wonyamula mbaula acenjeze kuti makala oyaka m'nyumba yotseka aturutsa mpweya wosanunkha umene upha munthu ali m'tulo, aiturutse asanagone. Ndipo amai a Cigwirizano alembe maina a onse amene anaika maliro caka cino, nagawane masiku owazonda mwezi wa Mei usanathe.