Cikombole ca m'Kompyuta

Kompyuta siidziwa kanthu payokha. Ingotsata malamulo amene munthu wailembera, ndiwo pulogramu.

M'caka ca 1967, ku Norway, Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard anatulutsa Simula 67, cinenero colembera malamulowo. Nzeru yao inafanana ndi ya woumba njerwa, amene ayamba wakhoma cikombole asanaponde dothi. Momwemonso wolemba pulogramu ayamba walemba class, ndico cikombole cace. Tinene kuti walemba class ya Ng'ombe, yokhala ndi dzina, zaka, ndi nchito yolima. M'menemo atulutsa ng'ombe zambiri, iliyonse ndi dzina lace ndi zaka zace. Imodzi-imodzi ndiyo object. Akaiwala kulemba za kulima, palibe ng'ombe ndi imodzi yomwe idzakoka khasu. Zinenero za Java ndi Python zitsatanso njira yomweyi.