Malonjezo a chaka chatsopano ayendere nyengo ya m'munda

Usiku wa pa 31 Disembala matchalitchi amadzaza, kuyambira ku Katete mpaka ku Nyanje ndi ku Vubwi. Ng'oma zimalira mpaka tambala woyamba, ndipo aliyense amatuluka ndi lonjezo lake: uyu wasiya kachasu, uyo awerenga Baibulo lonse, winayo akhoma malata. Pofika pakati pa Febuluwale ambiri mwa malonjezowa amakhala atamera udzu. Sikuti ndife abodza ayi. Timangolonjeza ngati tili mu Juni, nkhokwe zili tho, pomwe tili mu Januwale, mwezi wa khasu, ufa tikuyeza ndi kapu.

Choyamba, sankhani zinthu ziwiri basi, china cha mzimu, china cha pakhomo. Zilembeni m'kati mwa chikuto cha buku la nyimbo, poti ndi lomwe mumatsegula sabata iliyonse. Zikhale zowerengeka. "Ndidzapemphera kwambiri" palibe angakufunseni. "Mutu umodzi ndisanatenge khasu" ngakhale mwana angaone ngati mwachita.

Za Baibulozi tiwerengetsere bwino. Buku Lopatulika lili ndi mitu 1,189, ndiye kuti pamafunika mitu itatu kapena inayi tsiku lililonse kuti mumalize m'chaka. Munthu wochokera kopalira, msana ukuwawa, foni yowunikira yatsala pang'ono kuzima, amadutsa Genesis, nakwawa mu Eksodo, tulo n'kumupeza mu Levitiko. Ine ndinagonapo pomwepo zaka ziwiri zotsatizana. Yambani ndi Marko, mitu 16 yokha. Chipangano Chatsopano chili ndi mitu 260: mutu umodzi pa tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, chimatha ndendende m'masabata 52. Ngati maso akuvuta, mwana wasukulu akuwerengereni madzulo nsima ili pamoto.

Lonjezo la ndalama ndilo limafuna nzeru. Musalonjeze kusunga makwacha mu Januwale. Ngakhale boma la Zambia linachotsa fizi m'sukulu zake mu 2022, yunifolomu, makope ndi nsapato zikadali zathu, komanso chimanga chikudikira yuriya. Lonjezani m'matumba. Khalani pansi ndi a kunyumba kwanu lero lino, chimanga chisanamasule, mugwirizane kuti matumba angati ndi a chakudya mpaka Malichi wa chaka chamawa, angati ogulitsa, ndipo ndalama ya thonje, ya soya kapena ya mtedza idzayamba kugwira ntchito yanji. Mukadikira mpaka ogula atafika pamudzi ndi sikelo mu Meyi, sikeloyo ndi imene idzakusankhireni. Chilala cha 2024 chinationetsa mmene chimawawira kugula chitini cha chimanga chomwe unagulitsa wekha motchipa. Tsiku lolandira ndalama, yoti musunge ichoke m'thumba dzuwa lisanalowe: gulani feteleza wa chaka chamawa, ponyani ku chilimba kapena ku gulu losunga ndalama. Ikagona m'thumba, m'mawa imadzuka ndi abale ambiri.

Kenako pezani mboni imodzi. Osati mudzi wonse, anthu angakuyimbeni pa chitsime. Akhale mkulu wa mpingo, mnzanu wa ku mphakati kapena mayi wa Chigwirizano, wopanda manyazi okufunsani potuluka m'tchalitchi kuti, "APhiri, buku lija mwafika pati?" Kwa amene mukusiya mowa kapena kubetcha pa foni, mboni yokha siikwanira. Sinthani njira. Ngati pochokera ku msika wa Sinda njinga yanu imaima yokha pa mtengo womwera mowa, zungulirani, ndipo tsiku la msika nyamulani ndalama ya mchere ndi sopo yokha.

Pomaliza ikani masiku odzifunsa, atatu akukwana. Loyamba likhale poyambira Lenti, pamene njala ili pachimake ndipo ambiri amagwa. Lachiwiri likhale mukangotuta chimanga. Lachitatu ndi Loweruka lomaliza la Ogasiti, tsiku la Kulamba, pamene mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kukafotokozera Kalonga Gawa Undi za madera awo. Inunso madzulo ake tsegulani chikuto chija pamaso pa mboni yanu, munene zomwe zachitika osakometsera. Ngati munaima pa Luka 9 mu Epulo, musabwerere koyamba, musadikirenso Januwale. Lolemba lotsatira tsegulani Luka 10, pakuti kwatsala miyezi inayi yathunthu, ndipo mwa iyo Seputembala ndi Okutobala m'munda simukhala mopalira.