Mafunso ndi Mayankho: Mwana wa Mmphawi ndi Digiri Yachiwiri ku Dar es Salaam

Makalata anu afika, ndipo madzulo ano ndasankhapo awiri amene, ngakhale eni ake sadziwana, akamba nkhani imodzi.

Yoyamba yachokera kwa mnyamata wa kwathu ku Karonga, amene atate ake akhala zaka zambiri akulondera nyumba za eni ku Kinondoni mu mzinda wa Dar es Salaam. Akuti: "Ndinatsiriza digiri yoyamba ndi mamalikisi abwino, ndipo mtima wanga uli pa digiri yachiwiri ku Yunivesite ya Dar es Salaam, koma kwathu kulibe ngakhale mbuzi yoti tigulitse. Ndamva kuti ena amaphunzira akulandira malipiro. Khomo lake lili pati?"

Achimwene, zimene munamvazo nzoona. Yunivesite ya Dar es Salaam ija, ya ku Mlimani, imene inayamba mu 1961 ndi kagulu kochepa ka ophunzira zamalamulo, niima payokha mu 1970, ili ndi mwambo wakuti wophunzira amene wakhoza mopambana imamlemba ntchito yotchedwa tutorial assistant, kuti azithandiza aphunzitsi potsogolera makambirano a timagulu ta ophunzira ndi poyang'anira zoyesayesa za sayansi. Ndipo pamene alandira malipiro pakutha pa mwezi, sukulu imamlambulira njira ya digiri yachiwiri kuti tsiku lina adzakhale mphunzitsi wokwanira. Koma ndisakubisireni mawu: popeza imeneyi ndi ntchito ya boma, amaipereka kwa nzika za Tanzania, monganso ngongole za maphunziro za bungwe la HESLB, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, zili za ana a dziko lomwelo.

Musataye mtima, pakuti makomo ena alipo. Bungwe la ku Germany la DAAD limalipirira ana a mu Africa maphunziro a digiri yachiwiri ndi yachitatu m'mayunivesite a m'chigawo chawo chomwe, fizi ndi ndalama zodyera pamodzi, ndipo limalimbikitsa akazi ndi ochokera m'mabanja osowa kuti apemphe. Koma maphunziro amene limalipirira amasintha, choncho muwerenge chilengezo cha chaka chimenecho. Kumbukiraninso pangano la maphunziro la SADC limene atsogoleri anasaina ku Blantyre mu 1997, lonena kuti wophunzira wa m'dziko lina la m'chigawochi azitengedwa ngati mwana wa pakhomo pa nkhani ya fizi. Safunsa anadya phula: kalitchuleni panganoli ku ofesi yolemba ophunzira, mumve mmene amalitsatira. Ndipo musanachite china chilichonse, tumizani satifiketi yanu ya ku Malawi ku bungwe loyang'anira mayunivesite ku Tanzania la TCU kuti aivomereze.

Kalata yachiwiri yalembedwa ndi bambo wina wamalonda ku Kariakoo mu mzinda womwewo, ndipo ili ndi kaukali. Akufunsa za kalandiridwe ka ophunzira: "Chifukwa ninji atsikana ndi amphawi akonderedwa? Kodi mayeso si amodzi?"

Bambo, mayeso ndi amodzidi, koma ulendo wofikira m'chipinda cha mayeso si umodzi. Taganizani za mtsikana amene analawirira kudambo kukatunga madzi asanapite kusukulu, amene anawerenga usiku pa kuwala kwa koloboyi mpaka mphuno kuda ndi mwaye, amene anaphunzira sayansi pa bolodi pokha osakhudzako chipangizo ndi chimodzi chomwe. Mwana wotere akatsala pang'ono kufika pa mlingo umene mnzake wa m'nyumba ya magetsi ndi mabuku anaudutsa movutikira, ndani mwa awiriwa waonetsa nzeru zoposa? Atazindikira ichi, akuluakulu a ku Mlimani anayamba mu 1997 kuitana atsikana amene anaperewera pang'ono m'maphunziro a sayansi, kuwaphunzitsa masabata angapo, kuwayesa, ndi kulandira okhawo amene anakhoza. Pambuyo pake bungwe la Carnegie la ku America linaperekanso ndalama zolipirira atsikana osowa. Atalowa, analemba mayeso omwewo amene anyamata analemba, ndipo digiri yawo sinachepetsedwe ndi kanthu. Kumeneko ine sindikutcha kukondera, koma chilungamo chimene chinachedwa kufika.

Ndikupemphani tsono, bambo, ngati pakhomo panu pali mwana wamkazi wokonda masamu, kaya wanu kaya wa mbale wanu, musamtulutse sukulu kuti azikugulitsirani m'shopu, mulekeni aphunzire.