Kutchula Mtengo wa Webusaiti

Ndifuna kukamba za funso limene limasautsa anyamata ndi atsikana amene aphunzira kupanga mawebusaiti, ndilo ili: "Kodi nditchule ndalama zingati?" Luso lopanga webusaiti munthu amaliphunzira pa kompyuta, koma kutchula mtengo wake ndi masamu. Iye amene anyoza masamuwo angathe kugwira ntchito mwezi wathunthu nkutsala ndi thukuta lokha.

Poyamba tidziwe chimene tikugulitsa. Webusaiti ndi masamba a pa intaneti amene munthu kapena kampani iikapo mbiri yake, zithunzi ndi mitengo ya malonda ake. Yoyamba inaoneka m'chaka cha 1991, ndipo anaipanga ndi Tim Berners-Lee wa ku England, pamene anali kugwira ntchito ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva. Lero ntchito imeneyi yafika ndi kwathu kuno ku Salima. Mlendo wa ku London amene afuna kudzaona mbidzi ndi mphalapala ku nkhalango ya Kuti, kapena kudzasambira m'nyanja ku Senga Bay, sanyamuka asanaone pa foni yake malo amene adzagona ndi mtengo wake. Chifukwa chake eni nyumba za alendo afuna mawebusaiti, ndipo ambiri a iwo salemba munthu ntchito ya mwezi ndi mwezi ayi, koma aitana mmisiri woima payekha, monga umo aitanira kalipentala kapena womanga nyumba.

Njira zotchulira mtengo zilipo zitatu, ndipo zonse tizidziwa kale ku ganyu wa kumunda. Yoyamba ndi ya maola: mmisiri awerenga maola amene wagwira ntchito, monga waganyu amene alipidwa pa tsiku. Njira iyi imteteza mmisiri ngati ntchito italika, koma mwini ntchito amakhala ndi nkhawa, pakuti sadziwa kuti pomaliza adzalipira zingati. Yachiwiri ndi ya mtengo umodzi wa ntchito yonse, monga waganyu amene apangana za ndime. Mwini ntchito akondwa nayo, koma ngati mmisiri sanaiyese bwino ndimeyo, adzalima mizere yambiri kwaulere. Yachitatu ndi ya malipiro a mwezi ndi mwezi osamalira webusaiti imene yatha kale, monga mbusa alipidwa poweta ng'ombe za mwini.

Ine ndiganiza kuti kwa ife oyamba kumene njira yabwino ndi iyi: tiwerenge maola mumtima ndi pa pepala lathu, koma kwa mwini ntchito titchule mtengo umodzi. Tsono tiyeni tichite samu. Manambala amene ali m'munsimu ndawasankha kuti akhale chitsanzo chabe. Yense aikepo ake.

Tiyerekeze kuti mmisiri afuna K480,000 pa mwezi kuti alipire lendi, chakudya, bando ya intaneti ndi magetsi, ndi kusungako pang'ono zodzagulira laputopu ina ikafa imene ali nayo. Ngati agwira ntchito masiku 20 pa mwezi, maola 8 pa tsiku, ndiye kuti ali ndi maola 160. Koma taonani msampha: si maola onsewo amene adzalipidwa. Ena adzathera pa kufunafuna ntchito, ena pa minibasi kupita kukaonana ndi eni malonda, ena pa kudikira magetsi akathima, ndipo ena pa kulondola ngongole. Tinene kuti theka lokha, ndiwo maola 80, ndilo limbweretsera ndalama. Tikagawa K480,000 ndi 80 tipeza K6,000. Umenewu ndiwo mtengo wa ola lake limodzi.

Tsopano mwini nyumba ya alendo ya m'mbali mwa nyanja wafuna webusaiti ya masamba 5. Mmisiri alembe ntchito zonse chimodzichimodzi. Kukambirana ndi mwini, maola 4. Kujambula zithunzi ndi kukonza mawu, maola 10. Kulinganiza maonekedwe a masamba, maola 12. Kumanga webusaitiyo, maola 18. Kuiyesa pa mafoni osiyanasiyana, makamaka pamene netiweki ili yofooka, maola 6. Kukonza zimene mwini sanazikonde, maola 6. Kuphunzitsa kalaliki wa pamalopo kusintha mitengo ndi zithunzi, maola 4. Onse pamodzi ndi maola 60, ndipo 60 kuchulukitsa ndi K6,000 ndi K360,000. Pa izi awonjezepo gawo limodzi mwa magawo 10, ndilo K36,000, chifukwa cha zogwa mwadzidzidzi zimene sizisowa pa ntchito iliyonse. Mtengo wa manja ake ukhala K396,000.

Wina adzati, "Nanga bwanji ndalama zonsezi, pamene pulogalamu ya WordPress ndi yaulere?" Inde, WordPress, imene inayamba m'chaka cha 2003, munthu aitenga osalipira kanthu, ndipo mawebusaiti ochuluka a pa dziko lapansi anamangidwa nayo. Koma bango la kudambo nalonso ndi laulere, ndipo palibe amene amalandira mphasa kwaulere. Chimene tilipira ndi luso ndi nthawi ya woluka.

Pali zinthu zina ziwiri zimene siziyenera kusakanizidwa ndi mtengo wa manja. Choyamba ndi dzina la webusaiti, limene amalitcha domain. Mayina ena amathera ndi .com, ena ndi .mw, chimene chili chizindikiro cha Malawi, monga .zm chili cha Zambia ndi .za cha South Africa. Dzinali siligulidwa kamodzi kokha ayi. Limabwerekedwa, ndipo kawirikawiri limalipiridwa chaka ndi chaka. Chachiwiri ndi malo pa kompyuta yaikulu, yotchedwa seva, imene imasunga webusaiti usana ndi usiku. Lendi yake amaitcha hosting. Mwini ntchito auzidwe poyera kuti ziwirizi adzalipira chaka chilichonse, ndi kuti akaleka kulipira webusaiti idzazima, ndipo dzina lake lingatengedwe ndi munthu wina.

Apa mpofunika kuchenjera kwambiri, pakuti makampani ambiri obwereketsa mayina ndi maseva ali kunja, ndipo afuna madola. Mu May 2022 Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti: dola imodzi imene inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Tayerekezani mmisiri amene analonjeza mu October 2023 kuti iye mwini adzalipira lendi ya madola 100, nalandira K118,000. Pofika December anafunika K170,000, ndipo K52,000 yotsalayo inayenera kuchokera m'thumba mwake. Phunziro lake ndi ili: zolipira m'madola zilembedwe pazokha, ndipo pa pepala la mtengo palembedwe kuti mtengowo ugwira ntchito masiku 14 kapena 30 okha.

Mmisiri wa ku Salima sapikisana ndi anzake a ku Lilongwe okha. Pa intaneti pali misika monga Upwork ndi Fiverr, kumene amisiri a ku India, Pakistan, Kenya ndi mayiko ena atsatsa luso lawo. Fiverr inayamba m'chaka cha 2010, ndipo dzina lake linachokera ku mtengo wa madola 5 umene ntchito za pamenepo zinkayambira. Amene agulitsa luso lake pa misika yotere akumbukire kuti eni msika amadulako gawo la malipiro ake, ndipo kutulutsa ndalamazo kufikitsa kuno kumadyanso zina. Komabe tisachite mantha ndi mitengo yotsika ya kutali. Mmisiri wa ku India sangathe kupalasa njinga kukajambula dzuwa likutuluka pa nyanja, sangalankhule Chichewa kapena Chiyao ndi antchito a pamalopo, ndiponso sangafike mmawa mwake zinthu zikasokonezeka. Kukhala pafupi ndi malonda amene ifenso tigulitsa.

Kodi mtengo ukhale wofanana kwa onse? Ine nditi ayi, ngakhale mtengo wa ola usasinthe. Hotela yaikulu ifuna kuti alendo asungitse zipinda ndi kulipira pa webusaiti pomwepo, ndipo ntchito yotere ndi ya maola ambiri, yofunanso kusamala kwakukulu popeza ikhudza ndalama za anthu. Kagulu ka amayi oluka madengu kangakwanitsidwe ndi tsamba limodzi lokhala ndi zithunzi ndi nambala ya WhatsApp. Ngati mwini ntchito adandaula kuti ndalama zachuluka, mmisiri asatsitse mtengo wa ola lake, koma achepetse ntchito: masamba 3 m'malo mwa 5. Wogulitsa usipa sachepetsa mtengo wa mulu nasiya mulu uli chimodzimodzi.

Chotsiriza, ndipo chachikulu koposa, ndi pangano lolembedwa. Mawu a pakamwa amauluka ndi mwera. Pa pepala palembedwe chiwerengero cha masamba, amene adzabweretsa zithunzi ndi mawu, tsiku lomaliza ntchito, ndi kuti kukonza kwaulere ndi kawiri kokha. Kopitirira apo kulipiridwa pa ola. Palembedwenso kuti theka la ndalama liperekedwe ntchito isanayambe, kaya ku banki, kaya pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti pakhale umboni, ndipo theka linalo webusaiti isanatsegulidwe kwa anthu. Mmisiri nayenso akhale wokhulupirika. Dzina la webusaiti alilembetse m'dzina la mwini malonda, osati lake, ndipo ntchito ikatha ampatse mawu onse achinsinsi otsegulira. Womanga nyumba sasunga makiyi a nyumba ya mwini. Amene achita chinyengo pa ichi angapate ndalama kamodzi, koma mbiri yake idzafika ku Chipoka iye asanafikeko.

Anzanga, ambiri a ife tikatsiriza mayeso a Fomu 4 sitidzapeza ntchito ya mu ofesi, ndipo tidzadya za luso la manja athu. Amene atchula mtengo wotsika chifukwa cha manyazi adzipweteka yekha, napwetekanso anzake amene adzabwera pambuyo pake, pakuti eni malonda adzazolowera kulipira zochepa. Amene atchula wokwera popanda chifukwa sadzaitanidwanso. Koma iye amene angathe kuyala pepala pa tebulo, nasonyeza ola lililonse ndi tambala iliyonse kumene ipita, adzatchula mtengo wake osagwetsa nkhope. Chotero ndikupemphani kuti sabata ino yense atenge kope lake la masamu, aikemo manambala ake, ndipo apeze mtengo wa ola lake limodzi.

Wophunzira wa Fomu 4